Envulopu ya Sultan Qaboos: n'chifukwa chiyani mfumu ya Oman inabisa dzina la wolowa m'malo mwake?

Funso: Ndinamva kuti mfumu ya dziko la Oman, Sultan Qaboos, inalamulira zaka pafupifupi 50 koma mpaka kumwalira sinauze anthu ake amene adzalowe ufumu. Akuti inangolemba dzina n'kulitsekera mu envulopu. Kodi n'zoona kapena ndi nthano chabe? Ngati n'zoona, mfumu imene amati inali yanzeru inaikiranji dziko lake pachiswe chotere? Nanga iyeyu anali munthu wotani?

Yankho: N'zoona ndithu, akulu, si nthano ayi. Qaboos bin Said anamwalira pa 10 Januwale 2020 ali ndi zaka 79. Kutacha, akuluakulu a banja lachifumu ndi a asilikali anasonkhana ku Muscat, likulu la dzikolo, envulopu n'kutsegulidwa, dzina n'kuwerengedwa, wailesi yakanema ya boma ikuonetsa zonse. Dzinalo linali la Haitham bin Tariq, mwana wa bambo aang'ono a Qaboos. Tsiku lomwelo mfumu yatsopano inalumbira, ndipo tsiku lomwelonso malemuwo anaikidwa m'manda a banja lachifumu. Palibe mfuti inalira.

Pa funso lanu lachiwiri ndiye ndisiyana nanu pang'ono. Inu mukuiona envulopuyo ngati chibwana cha munthu wamkulu amene ankazengereza. Ine ndimaiona ngati chipatso cha njira imene Qaboos analowera ufumu, komanso ya mmene anaugwirira. Munthu amene anachotsa bambo ake omubereka pampando sangagone tulo pali wina amene dziko lonse likumudziwa kuti akudikira mpandowo. Ndiye tiyambe ndi bambo akewo.

Banja lawo, la Al Bu Said, lakhala likulamulira Oman kuyambira zaka za m'ma 1740, ndipo kwa ife si lachilendo kwenikweni. Mfumu ina ya m'banjamo, Said bin Sultan, inasamutsira likulu lake ku Zanzibar cha m'ma 1840, ndipo amalonda a minyanga ndi akapolo amene anafika mpaka kunyanja kwathu kuno, monga a Jumbe a ku Nkhotakota, ankadalira dzina la Sultan wa ku Zanzibar. Said atamwalira mu 1856, ana ake analimbirana ufumu mpaka unagawika pawiri, Majid n'kutenga Zanzibar, Thuwaini n'kutenga Muscat. Thuwainiyo anaphedwa mu 1866 ndi mwana wake weniweni, Salim. Mbiri yotereyi mwana aliyense wa m'banjamo amakula akuidziwa.

Bambo ake a Qaboos, Said bin Taimur, analowa ufumu mu 1932 boma lili m'ngongole zosaneneka. Anabweza ngongolezo, koma mantha a ngongole sanawachoke moyo wawo wonse, ndipo pamwamba pake anaonjezapo mantha a anthu ophunzira. Kuyambira 1958 anakadzitsekera ku nyumba yachifumu ya ku Salalah, kumwera kwa dzikolo, osapondanso ku Muscat. Ku Muscat komweko zipata za mzinda zinkatsekedwa usiku, ndipo woyenda kunja kutada ankayenera kunyamula nyali. Zinthu zing'onozing'ono monga kuvala magalasi a dzuwa zinali zoletsedwa. Ukapolo unali wololedwa. Pofika 1970 dziko lonse linali ndi masukulu a boma atatu, a anyamata okhaokha, ndi msewu wa tala wa makilomita pafupifupi 10 basi. Chonsecho mafuta anali atayamba kugulitsidwa kunja mu 1967. Ndalama zinkalowa, koma mfumu inkazifungatira. Anthu a ku Oman ofuna sukulu kapena ntchito ankathawira m'maiko oyandikana nawo, ndipo ku Dhofar, chigawo chomwecho chimene mfumu inkakhala, anthu ananyamula mfuti.

Qaboos anabadwira ku Salalah pa 18 Novembala 1940, mwana wamwamuna yekhayo wa mfumu. Mayi ake, Mazoon al-Mashani, anali a ku Dhofar, mfundo imene inadzamuthandiza mtsogolo. Chodabwitsa n'chakuti bambo amene ankamana ana a eni sukulu anatumiza wawo ku England, poyamba ku Bury St Edmunds, kenako ku sukulu ya usilikali ya Sandhurst kumene anamaliza mu 1962. Anagwirako ntchito m'gulu la asilikali a Britain lotchedwa Cameronians ku Germany, anaphunzirako kayendetsedwe ka makhonsolo, kenako anazungulira maiko angapo. Atabwerera kwawo m'katikati mwa zaka za m'ma 1960, bambo ake sanamupatse ntchito iliyonse. Anangomuika m'nyumba ku Salalah, kumuuza kuti aziwerenga zachipembedzo ndi mbiri ya dziko, ndipo alendo okamuona ankasankhidwa ndi bambowo. Tinene mosabisa, unali ukaidi wa pakhomo. Mnyamata wophunzira anakhala chomwecho zaka zingapo, akumvetsera nyimbo za Azungu zimene anazikonda mpaka imfa, kunjaku nkhondo ya ku Dhofar ikukula.

Pa 23 Julayi 1970 gulu la anthu okhala kumbali ya Qaboos linalowa m'nyumba yachifumu. Panali kuomberana pang'ono, mfumu yokalambayo inavulala, kenako inasaina kuti yatula pansi ufumu. Anaikweza ndege kupita nayo ku London, kumene inakakhala mu hotela ya Dorchester mpaka kumwalira mu Okutobala 1972. Kuti a Britain anali m'chiwembumo si chinsinsinso lero. Akuluakulu a asilikali a Sultan ambiri anali Angerezi, ndipo mmodzi wa anthu amene ankaloledwa kukacheza ndi Qaboos anali Tim Landon, mnzake wa ku Sandhurst. A Britain ankaona kuti nkhalambayo ikapitiriza, Oman yense agwa m'manja mwa zigawenga zothandizidwa ndi boma la chikomyunizimu la South Yemen.

Nkhondoyo Qaboos anaimenya ndi manja awiri. Dzanja lina linali la mfuti: asilikali apadera a Britain, ena a ku Jordan, ndiponso a ku Iran amene mfumu ya kumeneko inatumiza kuyambira 1973. Dzanja lina linali la chikhululuko. Chigawenga chogonja chinkalandiridwa, kupatsidwa malipiro, nthawi zambiri n'kubwezedwa kumapiri kwawo komweko kuti chikateteze mudzi wake, boma likukumba zitsime ndi kumanga zipatala. Mu Disembala 1975 analengeza kuti nkhondo yatha. Mukafuna kuona kuti chikhululukocho sichinali cha pakamwa pokha, onani Yusuf bin Alawi, amene paunyamata wake anali m'gulu la oukira a ku Dhofar. Anadzakhala woyendetsa nkhani za kunja za Oman kwa zaka zambirimbiri, mpaka 2020.

Za chitukuko sindichulutsa, chifukwa ndi mbali imene aliyense wolemba za Qaboos amaitamanda, ndipo akunena zoona. Anasintha dzina la dziko kuchoka pa Muscat and Oman kukhala Oman, anathetsa ukapolo, analowetsa dzikolo mu United Nations ndi mu Arab League (bungwe la maiko a Aluya) mu 1971, anaitana onse amene anathawa kuti abwerere, kuphatikizapo mabanja ochokera ku Zanzibar, n'chifukwa chake ku Muscat mungamve Chiswahili mpaka lero. Masukulu a atsikana ndi anyamata, zipatala, misewu, madoko, yunivesite yoyamba mu 1986. Lipoti la United Nations la 2010 loona za moyo wa anthu linaika Oman patsogolo pa maiko onse pa kusintha kumene kunachitika m'zaka 40. Chaka ndi chaka mfumu inkayenda m'zigawo, kumanga misasa m'chipululu, nduna zili pambali pake, anthu n'kumabwera ndi madandaulo awo.

Pagona nkhani ndi apa. Atangolanda ufumu, Qaboos anaitana bambo ake aang'ono, Tariq bin Taimur, amene anali atathawira kunja, n'kuwapatsa udindo wa nduna yaikulu. Tariq anali munthu wokondedwa, wodziwa dziko, ndipo ankafuna ufumu wokhala ndi malamulo olembedwa ndi nyumba ya malamulo, woti mfumu isamachite chilichonse yokha. Qaboos sankafuna zimenezo. Pasanathe zaka ziwiri Tariq anatula pansi udindo, ndipo mpando wa nduna yaikulu Qaboos anautenga yekha osaupatsanso munthu. M'kupita kwa nthawi iye yemweyo anali mfumu, nduna yaikulu, nduna ya chitetezo, nduna ya zakunja, nduna ya zachuma, mkulu wa asilikali, ndi wapampando wa banki yaikulu. Amene ankayendetsa maunduna amenewa tsiku ndi tsiku ankangogwirizira. Abale ake a m'banja lachifumu sanawapatse mphamvu ngati mmene zilili ku Saudi Arabia kapena ku Kuwait, kumene ana a mfumu amagawana maunduna akuluakulu. Ankadalira mabanja a amalonda, mafumu a mitundu ndi akuluakulu a chitetezo, anthu amene sakanalota n'komwe zokhala pampandopo. Nyumba ya uphungu inabwera mu 1991, ndipo kuyambira 2003 nzika iliyonse yokwana zaka 21 inayamba kuvota, koma zipani zandale zinali zoletsedwa ndipo mawu omaliza anali a munthu mmodzi.

Mu 1976 anakwatira Nawwal, mwana wa Tariq yemweyo. Kwa ife kukwatira mwana wa bambo aang'ono n'kukwatira mlongo wako, koma kwa Aluya ndi ukwati wolemekezeka kwambiri. Banjalo linatha mu 1979 popanda mwana, ndipo Qaboos sanakwatirenso. Analibe mwana, analibenso mchimwene wobadwa naye. Wolowa ufumu ankayenera kuchokera kunyumba ya bambo ake aang'ono, nyumba imene mwini wake anasemphana naye maganizo pa kayendetsedwe ka dziko.

Envulopu ija sinali chinthu chobisika pansi pa pilo. Inali m'malamulo oyendetsera dziko amene Qaboos anakhazikitsa mu Novembala 1996. Malamulowo ankati ufumu ndi wa amuna a mbumba ya Turki bin Said, amene analamulira kuyambira 1871 mpaka 1888, ndipo wosankhidwayo akhale Msilamu, wamkulu, wamutu wabwino, wobadwa m'banja lovomerezeka kwa makolo a ku Oman. Mfumu ikamwalira, bwalo la banja lachifumu linali ndi masiku atatu oti lisankhe munthu. Likalephera kugwirizana, bwalo la zachitetezo linkayenera kutsegula kalata ya malemu ndi kukhazika amene watchulidwamo. Mu 2011 anaonjezapo kuti atsogoleri a nyumba ziwiri za malamulo ndi akuluakulu a khoti lalikulu azikhalapo potsegula. Mu 1997 Qaboos anauza mtolankhani wina wa ku America kuti analemba kale maina awiri, loyamba ndi lachiwiri, ndipo anaika makalatawo m'zigawo ziwiri zosiyana za dzikolo. Cholinga chake n'chodziwikiratu: wofuna kusintha kalata imodzi akanagwidwa ndi inayo.

Nanga osangotchula dzinalo bwanji? Yang'anani zimene ankaona kwa anzake. Ku Qatar, mwana wotchulidwa kale kuti ndiye wolowa ufumu, Hamad, analanda mpando mu 1995 bambo ake ali kunja. Ku Jordan, Mfumu Hussein inasunga mng'ono wake Hassan ngati wolowa m'malo kuyambira 1965, koma mu Januwale 1999, kutatsala masabata awiri kuti imwalire, inamuchotsa n'kuika mwana wake Abdullah. Ku Saudi Arabia, Mfumu Salman inachotsa olowa m'malo awiri, Muqrin mu 2015 ndi Muhammad bin Nayef mu 2017, kuti njira itsegukire mwana wake. Kutchula dzina sikuthetsa mkangano. Kawirikawiri kumangouyambitsa msanga. Tsiku limene mfumu yanena kuti uyu ndiye, amalonda, akazembe ndi akuluakulu a asilikali amayamba kugogoda pakhomo lachiwiri, ndipo mfumu ikayamba kudwala khomo lachiwirilo limakula kuposa loyamba. Qaboos mwiniwake anakhalapo khomo lachiwiri, ndipo ankadziwa amene ankabwera kudzagogoda ndi zimene ankanong'ona.

Panalinso nkhani ya anansi. Oman ali pakamwa penipeni pa Strait of Hormuz, njira yopapatiza imene zombo zambiri za mafuta zimadutsa, ndipo Qaboos ankayenda njira yakeyake imene sinkasangalatsa onse. Aluya anzake atasala Egypt chifukwa chogwirizana ndi Israel mu 1979, iye sanadule ubale. Mu 1980 analola asilikali a America kugwiritsa ntchito mabwalo ndi madoko ake, komabe ndi Iran anakhala pachibale, mfumu ya kumeneko ilipo ngakhalenso itachotsedwa. Analandira Yitzhak Rabin mu 1994 ndi Benjamin Netanyahu mu 2018. Zokambirana zachinsinsi za America ndi Iran zimene zinabala mgwirizano wa zanyukiliya wa 2015 zinayambira ku Oman. Anakana kulowa nkhondo ya ku Yemen mu 2015, anakananso kusala Qatar mu 2017. Amene sankakondwa ndi umkhalapakati umenewu akanakonda kudziwa wolowa ufumu kuti ayambe kumukoka msanga. Mu Januwale 2011 boma la Oman linalengeza kuti lagwira gulu la akazitape limene linati ndi la United Arab Emirates, ngakhale dzikolo linakana. Dzina lobisika silinyengereredwa ndi ndalama.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo njirayi pa zonse. Mtengo wake unali waukulu. Mu Febuluwale 2011 achinyamata a mumzinda wa Sohar anachita zionetsero zodandaula ulova ndi katangale, anthu anafa, ndipo amene anazimitsa motowo anali Qaboos yekha: analonjeza ntchito 50,000, ndalama zokwana ma rial 150 (ndalama za ku Oman) pamwezi kwa ofuna ntchito, n'kuchotsa nduna zingapo. Chaka chotsatira ena anamangidwa chifukwa chonyoza mfumu pa intaneti, ndipo anawakhululukira mu 2013. Zonse, chilango ndi chifundo, zinkachokera m'dzanja limodzi. Ndiye mu Julayi 2014 dzanja limenelo linapita ku chipatala ku Germany n'kukhalako miyezi isanu ndi itatu, nthawi yomweyo mtengo wa mafuta ukugwa. Dziko linali ngati laima. Panalibe nduna yaikulu, panalibe wolowa m'malo wodziwika, ndipo palibe amene akanalimba mtima kusaina chinthu chachikulu. Apa m'pamene nkhawa yanu ija ili yomveka. Chinateteza mfumu ku chiwembu ndi chomwecho chimene chinasiya dziko lopanda munthu wozolowera kulamulira.

Anthu otsatira nkhanizi ankatchula ana atatu a Tariq. Asad anali msilikali wa ku Sandhurst, nthumwi yapadera ya mfumu, ndipo mu Malichi 2017 anapatsidwa udindo wa wachiwiri kwa nduna yaikulu, moti ambiri anati basi ndi ameneyu. Shihab anakhalapo mkulu wa asilikali apamadzi. Haitham sanali msilikali. Anaphunzira za ukazembe ku Oxford, anakhala wapampando woyamba wa bungwe la mpira wa miyendo la Oman, anagwira ntchito ku unduna wa zakunja kuyambira 1986, ndipo kuyambira 2002 anali nduna ya chikhalidwe. Koma ndi iyeyu amene anapatsidwa ntchito yotsogolera ndondomeko ya chuma ya Vision 2040, yofuna kuti dziko lisamadalire mafuta okha. Poyang'ana m'mbuyo, chizindikiro chinali pamenepo. Qaboos anasankha kazembe wodziwa za ndalama, osati mwini mfuti.

Mu Disembala 2019 anapita ku Belgium kukalandira thandizo, n'kubwerako patangopita masiku ochepa. Aliyense anadziwa tanthauzo lake. Chimene chinachitika atamwalira n'chimene chimandichititsa chidwi kuposa envulopu yeniyeniyo. Banja linali ndi masiku atatu, ndipo lamulo linkalipatsa ufulu wosankha aliyense osatsegula n'komwe kalatayo. Silinagwiritse ntchito ufuluwo. Linapempha bwalo la zachitetezo kuti litsegule kalata nthawi yomweyo, ponena kuti likulemekeza chifuniro cha malemu. Inu mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno mfumu ikagona: mbumba imakhala pansi, nyumba iyi ikuti ndi nthawi yathu, nyumba iyo ikukana, nkhani mpaka kukhoti, mudzi n'kukhala zaka wopanda mfumu. A ku Oman anaona kuti akangoyamba kukambirana, abale atatu a bambo mmodzi asanduka magulu atatu, anansi ali tcheru. Kalata inawapulumutsa ku manyazi osankhana okhaokha. Wosasankhidwa sanagonje kwa mbale wake, anagonjera malemu.

Komabe amene anaweruza bwino njirayi ndi mwini dzina lija. Haitham atalumbira analonjeza kutsatira mapazi a Qaboos pa zakunja, ndipo watsatiradi. Za m'kati ndiye anayamba kumasula mfundo. Mu Malichi 2020 anaika Shihab kukhala wachiwiri kwa nduna yaikulu woona za chitetezo. Mu Ogasiti chaka chomwecho anasiya maudindo a nduna ya zakunja, nduna ya zachuma ndi wapampando wa banki yaikulu n'kuwapereka kwa anthu ena, Badr al-Busaidi n'kukhala nduna ya zakunja yeniyeni. Anapeza boma lili m'ngongole yolemera, mliri wa Covid-19 uli pakhomo, mafuta atatsika mtengo, moti mu Epulo 2021 anakhazikitsa msonkho wa VAT wa 5 peresenti, ndipo mwezi wotsatira achinyamata osowa ntchito anatulukanso m'misewu ya Sohar ndi Salalah.

Pa 11 Januwale 2021, chaka chimodzi chenicheni chilowereni ufumu, Haitham anatulutsa malamulo atsopano oyendetsera dziko ndipo envulopu anaithetsa. Tsopano ufumu umachoka kwa mfumu kupita kwa mwana wake wamwamuna wamkulu, ndipo pali udindo wodziwika wa wolowa m'malo, umene Oman analibe m'nthawi yonse ya Qaboos. Woyamba kuutenga ndi Theyazin bin Haitham, wobadwa mu 1990, amene bambo ake anali atamupatsa kale unduna wa chikhalidwe, masewera ndi achinyamata. Haitham anatha kuchita zimenezi chifukwa ali ndi zimene Qaboos analibe: ana aamuna awiri, ndi mpando umene sanalande kwa munthu. Nyumba za Asad ndi Shihab, zimene kwa zaka zoposa 20 zinali ndi mwayi wofanana ndi wake, lamulo latsopanoli linazikankhira kumbuyo kwa mzere, ndipo abale awiriwo anapitiriza kugwira ntchito m'boma la mbale wawo.